Tikakwera Mulanje, tikagona kuti?

Awa ndi mawu amene mmodzi wa mamembala athu analankhula pa msonkhano wa kalabu Loweruka lapitali. Tawalemba monga anawalankhulira, kuti amene simunabwere muwerenge tisanavote.

Zikomo apampando. Zikomo amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko, amene ndikudziwa kuti nkhaniyi munaiyambitsa ndinu. Mwandipatsa mphindi makumi awiri. Ndikapitirira pang'ono mundipirire, chifukwa zimene ndikufuna kunena zikukhudza ndalama zimene takhala tikusonkha chaka chonse, ndiponso zikukhudza ana a eni ake amene tikufuna kupita nawo.

Mwezi watha tinagwirizana kuti ndalama za m'bokosi la kalabu chaka chino tisagulire mbuzi ndi zakumwa ngati kale, koma tipite ulendo. Ambiri munakweza manja kuti tikakwere phiri la Mulanje, ine ndinakweza nawo. Phirili timaliona tsiku ndi tsiku kuno ku Milange. Ukatuluka m'nyumba m'mawa lili apo kutsidya kwa fronteira, nthawi zina lavala mitambo, nthawi zina lili mbee. Koma muno m'chipinda amene tinagonako pamwamba pake tilipo awiri okha. Ndiye pamene wina ananena kuti tinyamuke Loweruka m'mawa, tikafike pa Sapitwa, Lamulungu madzulo tikhale tabwerako, ine dzanja langa ndinatsitsa. Lero ndabwera kudzafotokoza chifukwa chake, ndi kupereka ulendo wina m'malo mwake.

Choyamba tidziwe chimene tikukwera. Mulanje si phiri limodzi ngati Tumbine wathuyu. Ukakwera khoma lija timalionali, pamwamba pake supeza nsonga ayi. Upeza dziko lina, zigwa za udzu, mitsinje, nkhalango m'makwawa, zonsezo zili pamtunda wa mamita 1,800 mpaka 2,000. Kuchokera m'zigwa zimenezo ndi pomwe nsonga zenizeni zimayambira, ndipo zopitirira mamita 2,500 zilipo pafupifupi makumi awiri. Yaitali kuposa zonse ndi Sapitwa, mamita 3,002. Kuti muone kukula kwake: Namuli wa ku Gurué ndi mamita 2,419, ndipo Binga wa ku Chimanimani, phiri lalitali kuposa onse m'dziko lathu lino, ndi mamita 2,436. Kunena kwina, munthu amene waima pa Sapitwa wakwera kuposa pena paliponse mu Mozambique ndi mamita oposa 500. Chinthu chotere sakwera ngati ukupita kukathyola mango.

Chimene chimapangitsa Mulanje kukhala woyendeka ndi nyumba zogonamo zimene zinamangidwa pamwambapo. Zilipo pafupifupi khumi, zotalikirana ulendo wa maola angapo: Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka, Minunu, ndiye palinso ya mpingo wa CCAP ku Lichenya ndi ina yotchedwa France's Cottage pafupi ndi Chambe. Amaziyang'anira ndi a zankhalango a boma la Malawi pamodzi ndi bungwe la Mountain Club of Malawi. Munthu umagona nyumba iyi lero, mawa iyo, mkuja ina, mpaka kudutsa phiri lonse. Kuyenda kotereku azungu amakukonda kwambiri ku mapiri a Alps kwawo. Kuli njira ina yozungulira phiri la Mont Blanc, makilomita pafupifupi 170, yodutsa France, Italy ndi Switzerland, ndipo anthu amaiyenda masiku khumi kapena kuposerapo. Koma kumeneko nyumba zake zili ngati mahotela ang'onoang'ono, amakuphikira, amakupatsa bulangete, ndipo malo umasungitsa miyezi ingapo usanapite. Pa Mulanje musayembekezere zimenezo. Mupeza denga, malo osonkha moto, nkhuni, madzi, chimbudzi panja, ndi mlonda wosamalira nyumbayo. Basi. Chakudya ndi chofunda n'zako, wabwera nazo pamsana.

Ulendo umene ndikupereka ndi uwu. Ndiufotokoza tsiku ndi tsiku, mlembi alembe.

Tsiku loyamba sitikwera. Tiwoloka pa Muloza m'mawa, tikwera minibasi mpaka pa boma la Mulanje, makilomita pafupifupi 30, kenako tipeza china chotifikitsa ku Likhubula, pa msewu wopita ku Phalombe. Ku Likhubula ndi kumene kuli ofesi ya zankhalango. Tilembetsa maina, tilipira, tikumana ndi otiperekeza ndi onyamula katundu, tigona pansi pa phiri. Ndikudziwa achinyamata mukuti tsiku limeneli tataya. Sitinataye. Munthu amene wayamba kukwera khoma la Mulanje cha m'ma 2 koloko masana, atatopa kale ndi mizere ya pa fronteira ndi minibasi yoima paliponse, usiku umamupeza ali pakati pa njira.

Tsiku lachiwiri, Likhubula mpaka Chambe. Kukwera kwake ndi mamita pafupifupi 1,000, maola atatu kapena anayi kwa anthu amphamvu, kwa gulu ngati lathu tinene asanu. Njira zilipo ziwiri. Ya Skyline ndi yaifupi koma yoima njo, ngati makwerero osatha. Ya Chapaluka ndi yaitaliko, imatsata mtsinje, ndipo imadutsa cha ku Dziwe la Nkhalamba, mathithi aja ambiri munawamva. Ine ndikupempha Chapaluka, chifukwa tili ndi amayi ndi akuluakulu, ndiponso tsiku loyamba kukwera miyendo imakhala isanazolowere. Mukafika pa Chambe muona nsonga yake ya mwala wokhawokha, mamita oposa 2,500. Khoma lake lakumadzulo anthu okwera ndi zingwe amachokera maiko akutali kudzalikwera. Ife tingoliyang'ana, tiphike nsima.

Tsiku lachitatu, Chambe mpaka Chisepo, maola atatu kapena anayi. Apa njira imatsika ndi kukwera, imatsika ndi kukwera, ndipo pali malo ena opyapyala ngati msana wa ng'ombe, uku phompho uku phompho. Chisepo ili m'tsinde mwa Sapitwa, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,200. Kumazizira. Tsiku lachinayi ndi la Sapitwa kwa amene angathe, ndipo tigonanso pa Chisepo pomwepo. Za tsiku limeneli ndibwererako, chifukwa ndi pamene pali mkangano wathu.

Tsiku lachisanu tichoka pa Chisepo, tipumula pa Thuchila, tikagona ku Chinzama. Lachisanu ndi chimodzi titsikira ku Minunu. Apa ndi pamene ine mtima wanga uli, ndipo ndi chifukwa chake sindikufuna kuti tibwerere njira yomwe tinadzera. Chigawo chimenechi ndi kumene kumayambira mtsinje wa Ruo, womwewu umakhala malire a Malawi ndi Mozambique mpaka kukathira mu Shire ku Chiromo. Kumeneko mudzauona uli timifuleni ta madzi ozizira ngati a mu furiji, mwana n'kudumpha. Ana athu amaphunzira za Ruo pa mapu kusukulu. Akaone pamene amabadwira. Tsiku lomaliza titsika ku minda ya tiyi ya Lujeri, yomwe ili mbali yathu ino ya phiri, ndipo kuchokera pamenepo Muloza sali patali. Mwawerenga? Masiku asanu ndi awiri, usiku umodzi pansi, usiku usanu pamwamba.

Wina afunsa kuti bwanji maola oyenda akuoneka ochepa, atatu, anayi, pamene ife timayenda tsiku lonse kupita kumunda ndi kumsika. N'zoona, kuyenda sitiphunzitsidwa ndi munthu. Koma pamwamba paja ola la chakudya, ola lodikirana, ola la mtambo, onsewo amalowa pomwepo. Miyezi yozizira dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko. Lamulo langa n'lakuti tizifika pa nyumba iliyonse 3 koloko isanakwane. Tikafika msanga palibe chotayika, tichapa masokosi, ticheza ndi mlonda.

Tsopano za nyengo, ndipo apa ndichedwapo. Anzathu a ku Malawi ali ndi mawu akuti chiperoni, kunena kamvula kowaza kaja kobwera ndi nkhungu ndi mphepo yozizira m'miyezi ya chisanu. Dzinalo analitenga kwathu kuno, ku phiri la Chiperone la m'boma lathu lomwe lino, chifukwa mitamboyo akaiona imachokera mbali imeneyo. Ndi mphepo yonyowa yochokera ku nyanja ya mchere, ikagunda phiri imakwera, imazizira, imasanduka nkhungu. Kuno kunsi chiperoni chimangotivutitsa poyanika chimanga. Pamwamba pa Mulanje chimapha. Mukakwera mamita 1,000 alionse, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Ndiye tsiku limene kuno tavala juzi, pa Chisepo madzi a m'beseni akhoza kugwira chisanu usiku, ndipo pa Sapitwa mphepo imawonjezera pamenepo. Nkhungu ikatseka, mnzako ali mayadi khumi kutsogolo osamuona, ndipo ikhoza kukhala masiku awiri kapena atatu osachoka.

Ine ndinazionera ndekha. Ulendo wanga woyamba ndinapita ndi gulu la achinyamata a kutchalitchi, mwezi wa Julayi. Tinachoka pa Chambe kuli dzuwa, ambiri titavala majini ndi malaya a thonje, ena mapatapata. Pakati pa njira chiperoni chinatipeza. Sinali mvula yoti n'kuthawa ayi, kamvula kosekerera chabe, koma patatha ola tonse tinali chonyowa mpaka mkati. Mnyamata wina wa zaka 16, wamphamvu kuposa tonse, wampira, anayamba kunjenjemera, ife n'kumamuseka. Kenako anayamba kupunthwa pamalo poti palibe mwala. Tikamufunsa kanthu ankayankha ngati woledzera. Kenako kunjenjemera kuja kunasiya, iye n'kukhala pansi, akuti ndisiyeni ndigone pang'ono ndikupezani. Ine mumtima ndinati wapeza bwino, wasiya kunjenjemera. Wotiperekeza uja atamva zimenezo nkhope yake inasintha. Anatiuza kuti munthu wozizidwa akasiya kunjenjemera ndiye kuti thupi lagonja. Anamuvula zonyowa zonse pomwepo kuseri kwa mwala, anamuveka juzi yake youma imene anaisunga m'pepala la pulasitiki, tinamukulunga m'mabulangete awiri, ndipo amuna anayi tinkasinthana kumubereka mpaka pa Chisepo. Mlonda anasonkha moto, tinam'mwetsa tiyi wa shuga wambiri pang'onopang'ono. Anatsitsimuka usiku. Mayi ake anali atandipatsa mwanayo m'manja pa geti la tchalitchi. Usiku umenewo sindinagone.

Ndiye mumve bwino zizindikirozo: kunjenjemera, kupunthwa, kulankhula mosokonekera, kufuna kugona. Mankhwala ake ndi kuchotsa zonyowa, kuveka zouma, kumutchinga ku mphepo, chakumwa chotentha cha shuga ngati akutha kumeza. Kachasu ayi. Ndikubwereza chifukwa ndikuwaona abambo ena akumwetulira: kachasu amakunamiza kuti watenthedwa pamene akutulutsa kutentha kwa m'thupi kupita pakhungu. Botolo limenelo litsale ku Milange.

Mwezi wopita ndi uti? Dzinja tisaliganizire n'komwe. Kuyambira Novembala mpaka Epulo miyala imaterera ndipo timitsinje timadzaza mwadzidzidzi. Nyumba ija ndatchula, France's Cottage, dzina lake ndi la mkulu wa zankhalango, Fred France, amene anakokoloka ndi madzi powoloka mtsinje paphiri pomwepo mu 1949, munthu woti phirilo ankalidziwa. Ndipo ife a kuno sitifunika kuuzidwa zimene phiri limachita likakhuta mvula. Akuluakulu mukukumbuka Tumbine mu 1998. Anzathu a ku Phalombe amakumbuka napolo wa 1991. Tonse tikukumbuka namondwe Freddy mu Malichi 2023, mmene matope ndi miyala zinatsikira m'midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe. Mvula ya mtundu umenewo imasintha ndi njira zomwe, ndiye chimene ndinachiona ine kale chisakhale ngati lamulo, tidzamvere otiperekeza. Juni ndi Julayi kumauma koma ndiye pachimake pa chisanu ndi chiperoni. Okutobala kumatentha, kumachita utsi wa moto wa tchire, suona patali. Ine ndikupereka kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala. Tidzakhala titakolola, ndipo ntchito yosweswa minda isanatipanikize.

Tibwerere ku Sapitwa. Dzinalo mukulimva nokha, silifuna womasulira. Agogo athu amati kumeneko ndi kwa mizimu, amati ukapeza chakudya chokonzakonza panjira udye wekha osaitana mnzako, amati usamaloze kapena kudzitama. Ine sindinabwere kudzatsutsana ndi agogo, ndipo anthu a m'tsinde mwa phirilo, Alomwe, Amang'anja ndi Ayao, amalilemekeza mpaka lero. Ulemu umenewo ndi womwe unachititsa kuti mu 2025 a UNESCO alilembe m'gulu la malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse. Tikapita tikachite monga eni ake atiuzire. Koma ndikuuzeninso za miyala yake. Kuchokera pa Chisepo kukwera ndi maola atatu kapena anayi, kutsika chimodzimodzi, ndipo kutsika ndi kumene kumavuta. Pali matanthwe otsetsereka oti umakwawa ndi manja, pali malo oti umalowa pansi pa miyala ngati mbira, ndipo njira yake ndi timadontho ta penti yofiira pamiyala. Nkhungu ikabwera timadonthoto sutiona.

Anthu atayikako. Mu 2003 mayi wina wa ku Netherlands anakwera yekha ndipo sanapezeke. Mu Julayi 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, wolankhula Chipwitikizi ngati ife, wophunzira kwambiri, atayenda maiko ambiri a mu Africa, anamusiya womuperekeza m'munsi kuti akafike yekha pansonga mofulumira, atavala zopepuka. Nyengo inasintha. Anamufunafuna milungu yoposa iwiri, thupi lake linapezeka mu Ogasiti, atafa ndi kuzizira. Mnzake Fellipe Barbosa anapanga filimu ya ulendo wakewo mu 2017, dzina lake Gabriel e a Montanha. Ndikanakonda kuti tiipeze tionere limodzi tisanapite, makamaka inu a kumbuyoko. Mnyamatayo sanali wopusa kapena wofooka. Anali ndi changu, ndipo ulendo wa Loweruka ndi Lamulungu uja munaupereka ndi wa changu chomwecho.

Ndiye pa Sapitwa ndikupempha zinthu izi, ndipo ngati kalabu ikana ine sindipita. Tinyamuka kukungocha. Ikakwana 11 koloko tisanafike pansonga, tibwerera, ngakhale nsongayo ikuoneka apo. Wotiperekeza akati lero ayi, ndiye kuti ayi, palibe kuvota. Ndipo palibe wokakamizidwa. Amene atsale pa Chisepo kuphika ndi kuotha moto wayenda ulendo wonse mofanana ndi amene wakwera, tisadzamve wina akunyozedwa pa wailesi.

Pa nkhani ya otiperekeza ndamva kung'ung'udza, akuti bwanji tilipire munthu pamene pali ine ndinapitako kale. Abale, ine ndinapitako kawiri. Anyamata aja amakwera mlungu uliwonse, ena ndi omwe amathamanga mpikisano wa onyamula katundu umene umachitika paphiripo chaka ndi chaka, kukwera ndi kutsika m'maola ochepa njira imene ife titenge tsiku. Safunsa anadya phula. Ku Likhubula ali ndi dongosolo lawo losinthana, ofesi ndi imene imakupatsa amene nthawi yake yakwana, choncho tisatengane ndi munthu wotipeza pa siteji ya minibasi n'kutiuza kuti iye ndi wotchipa. Kwa anthu khumi ndi awiri tikufuna otiperekeza awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndipo tsiku la Sapitwa gulu likagawikana aliyense akhale ndi wake. Onyamula katundu tingatenge atatu kapena anayi, anyamule ufa ndi miphika. Mtolo wa munthu mmodzi usapitirire makilo 18. Tigwirizane nawo za malipiro ndi za chakudya chawo tisanayambe kukwera, pamaso pa a mu ofesi, ndipo tikumbukire kuti tikatsikira ku Lujeri iwo akufunika ndalama ya galimoto yobwerera ku Likhubula. Zimenezi anthu amaiwala, n'kumakangana m'munda wa tiyi.

Chakudya. Amayi mundithandize kuwerengera. Ufa ndikuika theka la kilo munthu mmodzi pa tsiku. Anthu 12, masiku 6 a paphiri, ndi makilo 36, tiwonjezere 6 a tsiku limene chiperoni chingatitsekere m'nyumba, akwana 42. Ndiwo zikhale zopepuka ndi zopsa msanga: usipa, matemba, masoya, mfutso, nsinjiro. Nyemba zouma musiye. Pamtunda wa mamita 2,000 madzi amawira asanatenthe mokwanira, pa madigiri 93 m'malo mwa 100, ndiye nyemba zimangovina m'mphika maola ndi maola, nkhuni za mlonda n'kutha. Mbatata ndi chinangwa chachiwisi n'zolemera, za tsiku loyamba lokha. Shuga achuluke, masamba a tiyi, mchere, mafuta pang'ono, machesi m'kabotolo kotseka. Aliyense m'thumba mwake mukhale mtedza wokazinga ndi mabolasha odya poyenda, ndi botolo la madzi. Madzi paphiri ndi ambiri ndipo ndi okoma, koma pokwera Sapitwa nyamulani okwanira tsiku lonse. Miphika iwiri yaikulu, mthiko, mbale ndi kapu aliyense yake.

Zovala musagule zatsopano. Pitani pa kalamidadi mukasankhe juzi yaubweya kapena ya nsalu yofewa ija youma msanga, chipewa chophimba makutu, masokosi atatu, ndi jekete losalowa madzi. Likasowa, pulasitiki yaikulu yoboola pakati imagwira ntchito. Jini ikanyowa siuma, ndipo imalemera ngati thumba la mchenga. Chovala chimodzi chathunthu chikhale m'pulasitiki yomanga bwino, chosavalidwa masana zivute zitani, n'chogonera. Bulangete lalikulu ndi kamphasa kapena katoni yoyala pansi. Amayi, kapulana tengani, imathandiza zambiri, koma mkati muvale buluku chifukwa cha kukwawa kuja. Nsapato zikhale zimene phazi linazizolowera kale, za mapazi ogwira. Inde, mudzakumana ndi amayi a kumeneko akutsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu ali opanda nsapato, akukupitirirani ngati mwaima. Musawatsanzire, iwo anayamba ali ana. Tochi aliyense yake ndi mabatire apadera. Bokosi la mankhwala limodzi: panado, mabandeji, pulasitala wa matuza, thanzi ORS. Amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a BP, a shuga, ma ARV, tengani opitirira masiku a ulendo, ndipo muyambe mwafunsa kuchipatala ngati mungakwere.

Za mapepala ndi ndalama ndidutsa mwachangu. Ife a Mozambique sitilipira viza polowa Malawi ulendo waufupi, koma pa ulendo wa mlungu wathunthu aliyense akhale ndi pasipoti yosatha, ndipo ana osakwana zaka 18 akhale ndi kalata ya makolo. Meticais tisinthe kukhala makwacha tisanakwere, ndipo akhale ang'onoang'ono, pamwamba palibe wosintha. Zolipira ndi izi: polowa m'nkhalango, pogona munthu aliyense usiku uliwonse, otiperekeza ndi onyamula katundu pa tsiku, kangachepe kothokoza mlonda wa nyumba iliyonse, ndi galimoto. Kwacha imasinthasintha, ndiye ndikupempha kuti anthu awiri apite ku Likhubula mwezi uno, akabwere ndi mitengo yolembedwa papepala, akafunse kuti ife oyandikana nawo amatiwerengera mtengo uti, akanene masiku athu kuti tisakaunjikane ndi gulu lina m'nyumba yaing'ono ngati Minunu, ndiponso akamve ngati njira yotsikira ku Lujeri ili bwino chaka chino. Ikakhala kuti si bwino, kuchokera ku Chinzama tipita ku Sombani n'kutsikira ku Fort Lister, mbali ya Phalombe. N'kutali ndi kwathu koma njira yake ndi yofatsa.

Pali chinthu china chimene ndikufuna tikachione ndi maso, chifukwa ndife anthu a wailesi. Mtengo wa mkungudza wa pa Mulanje sumera mwachilengedwe pena paliponse pa dziko lapansi, ndipo ndi mtengo wa fuko la Malawi. Ukalowa m'nyumba zakale za paphiri umamva fungo lake m'matabwa. Ulendo wanga woyamba ndinaiona ili chiimire, ikuluikulu. Pamene akatswiri anawerenga mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Macheka ndi moto zinamaliza. Tsopano a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi midzi yozungulira akubzala mbande zambirimbiri, koma mtengowu umakula pang'onopang'ono ndipo moto umodzi wa mu Seputembala umapsereza ntchito ya zaka. Ife a kuno tisadzione ngati oyera. Tumbine wathu tikumuona mmene wametedwera. Ndiye titenge chojambulira mawu cha kalabu, tikacheze ndi alonda a nyumba, onyamula katundu, amayi a nkhuni aja, ambiri amalankhula Chichewa ndi Chilomwe ngati ife, tidzabwere ndi mapulogalamu atatu kapena anayi. Wonyamula chojambuliracho azigona nacho m'bulangete pamodzi ndi mabatire, chifukwa kuzizira kumawamaliza msanga. Ndipo tonse: moto m'nyumba mokha, ndudu osataya mu udzu, zinyalala zathu titsika nazo, timabokosi ta mkungudza tikatitsatsa panjira tisagule.

Foni musaidalire. Malo ena imagwira, ambiri ayi, ndipo kotchajira kulibe. Titenge simu imodzi ya TNM ndi ina ya Airtel, mafoni awiri azikhala ozima mpaka atafunika. Pepala la ulendo wathu, maina onse, nyumba iliyonse ndi tsiku lake, limodzi tisiye ku ofesi ya Likhubula, lina kuno ku wailesi kwa apampando. Tikapitirira tsiku limodzi osafika, iwo aimbe ku Likhubula, asadikire kuti mwina tikubwera.

Chomaliza ndi cha miyendo. Aliyense wofuna kupita, kaya ndi wampira kaya ndi shehe kaya ndi mphunzitsi, akwere nafe Tumbine Loweruka katatu tisananyamuke, atasenza katundu yense amene adzanyamule ndi nsapato zomwe adzavale. Amene aone kuti bondo likukana, si mlandu. Tikhoza kukonza kuti gulu lachiwiri litiperekeze mpaka ku Likhubula, likasambe pa Dziwe la Nkhalamba, ligone usiku umodzi, libwerere. Agogo athu awiri aja anena kale kuti iwo ndi a gulu limenelo, ndipo akufuna adzajambulidwe mawu ali pamathithi.

Apampando, nthawi ndadya yambiri, pepani. Zoti tivote Loweruka likubwerali ndi zitatu: masiku asanu ndi awiri m'malo mwa awiri, otiperekeza awiri olipidwa kuchokera m'bokosi, ndi maina a anthu awiri opita ku Likhubula mwezi uno. Koma tisanabalalike, amene muli ndi pasipoti yosatha takwezani manja, mlembi awerenge, chifukwa amene mulibe mukufunika kuyamba kuyendera mapepala mawa lomwe.